Phunziro la Zaumoyo: Wodwala Tisamulande Ntchito



Tikapita kukazonda matenda m'miphakati mwathu, pali mawu amene sachoka pakamwa pathu. Wodwala akati adzuke akatunge madzi akumwa, tonse timayankhira pamodzi kuti, "Iyayi amayi, khalani pansi, tikutungirani." Akagwira tsache, mdzukulu amathamanga kudzawalanda. Akapempha lichero kuti asankhe nyemba, timati, "Zisiyeni agogo, mutopa nazo." Timachita izi chifukwa cha chikondi ndi ulemu, ndipo pa matenda monga malungo, amene munthu amagona nawo masiku ochepa n'kudzuka, palibe cholakwika.

Koma matenda amene achuluka m'makomo mwathu masiku ano ndi amtundu wina: kuthamanga kwa magazi kumene tinazolowera kukutchula kuti BP, shuga, sitiroko, nyamakazi, mphumu, matenda a mtima ndi khunyu. Awa munthu amakhala nawo zaka zambiri, ena moyo wake wonse. Tinawapatsa dzina lakuti amgonagona, ndipo dzinali limatisocheretsa, chifukwa ambiri mwa matenda amenewa amakula msanga munthu akamangogona. Dzanja losagwira ntchito limauma, miyendo yosayenda imafooka, ndipo munthu amene walandidwa ntchito zake zonse amayamba kudziona ngati katundu pakhomo pake pomwe.

Taganiziraninso izi. Wodwala BP kapena shuga amapita kuchipatala kamodzi pamwezi, mwina kamodzi pa miyezi itatu, ndipo amakhala pamaso pa dokotala mphindi zowerengeka. Masiku ena onsewo ali kunyumba, kumsika kapena kuntchito. Choncho matendawa amagonja kapena kukula malinga ndi zimene zimachitika kukhitchini, kubafa ndi pakhonde. Phunziro la lero likunena za mtundu wa thandizo lachipatala umene unakhazikika pa mfundo imeneyi, komanso zimene ife tingatengepo ngakhale tisanakumane ndi katswiri wake.

1. Kukula kwa vutoli

M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, mogwirizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, unachita kafukufuku pakati pa Amalawi a zaka 25 mpaka 64. Unapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa kapena sankamwa mankhwala. Anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga wokwera. Kafukufuku wina amene anachitika pakati pa 2013 ndi 2016 ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe anaonetsa kuti kunenepa kopitirira muyeso kwachuluka m'tauni kuposa kumudzi, makamaka pakati pa amayi.

Zifukwa zake timaziona tokha kuno ku Likuni. Mtunda umene makolo athu ankayenda wapansi ife timakwera minibasi kapena kabaza. Ambiri timatandala titakhala pansi, kaya muofesi, muokala kapena pabenchi ya malonda. Njala ikatigwira, chapafupi ndi tchipisi cha pachiwaya, mandasi ndi chakumwa chotsekemera. Abale athu a ku Mitundu ndi ku Nathenje amayenda ndi kulima kuposa ife, koma BP siyang'ana kuti uyu ndi wa kumudzi. Ikawagwetsa, nthawi zambiri amabwera kudzadwalira m'nyumba zathu kuti akhale pafupi ndi chipatala. Ndiye nkhaniyi ikutikhudza pawiri, monga odwala komanso monga osamalira odwala.

2. Kodi thandizoli ndi lotani?

Pa Chingerezi amati occupational therapy. Mawu akuti occupation apa sakutanthauza ntchito yolembedwa yokha. Akutanthauza chilichonse chimene chimadzaza tsiku la munthu: kusamba, kuvala, kudya, kupita kuchimbudzi, kuphika, kugulitsa pamsika, kulima padimba, kupita kukwaya, kucheza ndi anzake ndi kugona. Tinganene kuti ndi thandizo lodzera mu ntchito za tsiku ndi tsiku.

Ambiri timadziwa mafizo. Wa mafizo amalimbitsa minyewa ndi mfundo za thupi kuti mkono utambasuke ndi kuti mwendo uponde. Wa occupational therapy amafunsa funso lotsatira: mkono umenewu, monga mmene ulili lero, ungavale bwanji malaya, ungagwire bwanji mthiko? Awiriwa amagwira ntchito limodzi, ndipo palibe amene amalowa m'malo mwa mankhwala a dokotala.

Ntchitoyi inakhazikitsidwa ngati luso lapadera m'chaka cha 1917 ku Clifton Springs m'dziko la America. Mmodzi mwa oyambitsa ake, George Barton, anali katswiri wojambula mapulani a nyumba amene anadwala TB ndi kudulidwa mbali ya phazi. Iye anaona kuti mphamvu zinayamba kubwerera pamene anayambanso kupala matabwa ndi kulima kadimba. Wina anali mayi Eleanor Clarke Slagle, amene ankagwira ntchito pakati pa odwala matenda a maganizo omwe ankangokhala tsiku lonse m'zipatala. Iye anawaikira ndondomeko: nthawi yodzuka, yosamba, yovala, yodya, yogwira ntchito ndi yopuma. Anapeza kuti chizolowezi chabwino chikabwerera, munthunso amayamba kubwerera. Patapita zaka 80, mu 1997, kafukufuku wa okalamba 361 mumzinda wa Los Angeles anaonetsa kuti amene anathandizidwa kwa miyezi 9 kukonza ndondomeko ya tsiku lawo anasunga thanzi ndi mphamvu zawo bwino kuposa anzawo amene sanalandire thandizo lotere.

3. Zinthu zitatu zoyang'ana

Katswiri wa ntchitoyi akafika kwa wodwala sayamba ndi kufunsa kuti, "Mukumva kupweteka pati?" Amayamba ndi kufunsa kuti, "Ndi chiyani chimene munkachita, chimene mukufunitsitsa mutachitanso?" Akamva yankho amayang'ana zinthu zitatu: munthuyo, ntchitoyo, ndi malo amene ntchitoyo imachitikira.

Tiyerekeze mayi wa zaka 60 amene mawondo ndi msana zimamupweteka, ndipo wasiya kuphika chifukwa sangathe kunjuta pambaula. Ana ake aganiza zomuletseratu kulowa m'khitchini. Koma tikayang'ana bwino, mayiyo manja ake ndi abwinobwino ndipo nzeru za kaphikidwe ali nazo kuposa onse pakhomopo. Chovuta ndi malo. Mbaula ikaikidwa pa njerwa zosanjidwa molimba kuti ifike m'chiuno munthu atakhala pampando, ufa, madzi ndi chipande zikaikidwa pafupi, mayiyo aphikanso. Ntchitoyonso ingasinthidwe: mphika waukulu wa nsima autereke ndi kuuphula mwana, mayi aphike ndiwo ndi kuomola.

Njira yake ndi imeneyi. Tisathamangire kunena kuti wodwala sangathe. Tiyambe tafunsa kuti ndi gawo liti lenileni la ntchitoyo limene likumukanika, ndipo tithandize pa gawo lokhalo.

4. Pambuyo pa sitiroko

Sitiroko imachitika pamene mtsempha wopititsa magazi ku ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo gwero lake lalikulu ndi BP yosasamalidwa. Zizindikiro zake zimabwera mwadzidzidzi: kukamwa kupotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka, kulankhula mosamveka. Mukaona izi pezani galimoto nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche, ndipo musamumwetse kanthu chifukwa akhoza kutsamwa.

Wodwala akatuluka m'chipatala, miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira ndi imene thupi limaphunzira mofulumira, ngakhale kuti kusintha kumapitirira pambuyo pake. Mwatsoka, iyi ndi miyezi yomwenso achibale timamuchitira wodwala chilichonse. Nazi zina zimene zimathandiza:

Povala, ayambe kulowetsa mkono wofookawo m'malaya. Povula, mkono wofookawo utuluke pomaliza. Sankhani zovala zotakasuka, masiketi ndi mathalauza a lasitiki m'chiuno m'malo mwa zipi ndi mabatani ang'onoang'ono.

Musamukoke mkono wofooka pomudzutsa, chifukwa phewa limavulala msanga. Akakhala pansi, mkonowo utsamire pa pilo kapena patebulo, usamangolendewera.

Adye atakhala tsonga, osati chogona, ndipo adye yekha ngakhale atatenga nthawi yaitali kapena kudzitayira. Supuni ikamapulumuka m'manja, kulungani chogwirira chake ndi nsalu kapena mphira ya chubu cha njinga kuti chinenepe. Ikani kansalu konyowa pansi pa mbale kuti isamatsetsereke. Ngati amatsokomola kapena kutsamwa pomeza, kauzeni achipatala.

Dzanja lofookalo lizipatsidwa chochita tsiku lililonse: kugwirizira mbale pamene linalo likutsuka, kupukuta patebulo, kutola mtedza ndi kuuika m'kapu. Kubwerezabwereza ntchito yeniyeni ndi kumene kumaphunzitsanso ubongo.

Ena akadwala sitiroko amaiwala mbali imodzi ya thupi lawo, mpaka kudya chakudya cha mbali imodzi yokha ya mbale. Pocheza nawo muzikhala kumbali yoiwalikayo kuti azitembenukirako.

Chimbudzi chonjuta ndi chopinga chachikulu. Kalipentala akhoza kukhoma mpando wolimba wamatabwa wobowola pakati, woika pamwamba pa dzenje, ndi mtengo wogwirira m'mbali. Kubafa ikani kampando kuti asambe atakhala. Munthu wamkulu akamatha kudzithandiza yekha, ulemu wake umabwerera.

Amene sangathe kudzuka konse azitembenuzidwa pakatha maola awiri alionse, ndipo pogona pake pazikhala pouma, kuti asachite zilonda m'chiuno ndi m'zidendene.

5. BP ndi shuga: kumanga chizolowezi

Ambiri a ife malangizo timawadziwa kale. Chimene chimavuta ndi kuwasandutsa chizolowezi. Akatswiri a pa University College London atatsatira anthu amene ankayesa kuyamba chizolowezi chatsopano anapeza kuti pa avereji zinkawatengera masiku pafupifupi 66 kuti chizichitika chokha, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga kanthu. Choncho musataye mtima pakatha sabata imodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chinsinsi chake ndi kumangirira chinthu chatsopano ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi.

Mankhwala. Musanene kuti, "Ndizimwa m'mawa." Nenani kuti, "Ndikangotsuka m'kamwa, ndimwa mankhwala," ndipo muwasunge pafupi ndi mswachi, pamalo pamene ana safikira. Tcherani alamu pafoni ndi kuchonga pakalendala. Pakatsala mapiritsi a sabata imodzi, konzani ulendo wa kuchipatala. BP kawirikawiri simveka m'thupi, ndiye kupeza bwino si chifukwa chosiyira mankhwala. Pemphero ndi mankhwala sizilimbana, ndipo wina akakuuzani kuti mutaye mankhwala posonyeza chikhulupiriro, musamumvere.

Mchere. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi. Muyesowu ukuphatikizapo mchere wobisika m'nsomba zouma zothira mchere, soseji, buledi, timakyubu tokometsera ndiwo, ndi soda amene timathira m'therere. Yesani mchere ndi supuni pophika m'malo mongotapa ndi dzanja, chotsani mchere pamalo odyera, ndipo nsomba zamchere muziyamba mwaziviika. Banja lonse lidye chimodzimodzi. Wodwala amene amaphikiridwa kamphika kake kosakoma pamene ena akudya zokoma sachedwa kugwa ulesi.

Mbale. Theka la mbale likhale masamba monga nkhwani, bonongwe, mpiru, chisoso kapena kholowa. Theka linalo ligawidwe pakati pa nsima ndi ndiwo monga nyemba, nandolo, usipa kapena dzira. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, koma mitanda inayi ya mgaiwa imakwezabe shuga. Amene amathira masupuni atatu a shuga mu tiyi atsike pa awiri, kenako imodzi.

Kuyenda. Muyeso wake ndi mphindi 150 pasabata, ndiye kuti mphindi 30 kwa masiku asanu. Sikofunika kulipira kulikonse. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike kwanu, pitani wapansi ku mphakati, limani kadimba kuseri kwa nyumba. Pezani mnzanu woyenda naye, chifukwa munthu akadziwa kuti wina akumudikira pamphambano sagonereza. Amene ali ndi vuto la mtima ayambe wafunsa achipatala.

Mapazi a wodwala shuga. Shuga amapha mitsempha ya kumapazi pang'onopang'ono, moti munthu amatha kuponda msomali kapena khala la moto osamva. Kabala kakang'ono kotere ndi kamene kamafikitsa ena podulidwa mwendo. Mukamasamba madzulo yang'anani mapazi onse, pansi ndi pakati pa zala, ndipo muwapukute bwino. Ngati simutha kuwerama gwiritsani ntchito kagalasi kapena pemphani wina. Musayende opanda nsapato ngakhale pabwalo panu, gwedezani nsapato musanavale, yesani madzi osamba ndi chigongono, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi musaothetse mapazi pambaula. Bala lililonse la kuphazi lipite kuchipatala msanga.

Shuga akatsika kwambiri. Amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi ena a shuga asadumphe chakudya. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kumva njala yoopsa kapena kusokonezeka, amwe msanga madzi osungunuliramo masupuni atatu a shuga, kenako adye. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Ndi bwino kuyenda ndi maswiti awiri kapena atatu m'thumba.

6. Kusunga mphamvu

Odwala nyamakazi, mphumu ndi mtima, komanso amene akulandira thandizo la khansa, amadziwa kutopa kumene ena sitikumvetsa. Vuto lawo limakhala lakuti tsiku limene adzuka bwino amachapa, kusesa, kukolopa ndi kupita kuchigayo, kenako n'kugona masiku atatu. Mphamvu zawo zili ngati malipiro a pamwezi: ukadya zonse sabata yoyamba, masabata enawo ndi ngongole.

Choncho gawani ntchito zolemetsa pa masiku osiyanasiyana. Sankhani zofunika kwambiri ndi kuzichita pa nthawi imene thupi limakhala lopepuka. Pumani musanatope, osati mutatopa kale. Chilichonse chimene chingachitike mutakhala, monga kusenda mbatata, kusita kapena kutsuka mbale, chitani mutakhala. Beseni lochapira likhale pamwamba kuti musamawerame. Madzi tungani m'zigubu zing'onozing'ono kapena kankhani pawilibala m'malo mosenza ndowa yodzaza. Amene zala zimawapweteka anyamule poto ndi manja awiri, ndipo chikwama achikoleke pamkono kapena paphewa m'malo mochigwira ndi nsonga za zala. Wa mphumu aphikire pamalo podutsa mpweya, asalowetse mbaula m'nyumba, ndipo awaze madzi pansi asanasese.

Kwa okalamba, kugwa ndi ngozi yaikulu. Chotsani mikeka yopindika ndi zingwe za magetsi m'njira, ikani tochi pafupi ndi bedi, ndipo ndodo yoyendera ikhale ndi mphira kunsi kwake.

7. Khunyu ndi moto

Khunyu ndi matenda a ubongo. Sapatsirana kudzera m'malovu kapena pomugwira munthu, ndipo ambiri amene amamwa mankhwala mokhulupirika amasiya kugwa kapena amagwa patalipatali. Zimene zimavulaza kwambiri ndi moto ndi madzi. Apanso yankho si kumuletsa munthu chilichonse. Aphike pali munthu wina pafupi, moto ukhale wotchingidwa ndi njerwa, asakatunge yekha madzi pachitsime chosavundikira kapena kumtsinje, ndipo posamba asakhome chitseko. Akagwa, chotsani zimene zingamuvulaze, ikani chofewa kumutu kwake, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Kugwedezeka kukapitirira mphindi zisanu, pitani naye kuchipatala. Mwana wa khunyu apite kusukulu, ndipo aphunzitsi ake adziwitsidwe.

8. Mtima wa wodwala ndi wa womusamalira

Bambo amene anali kalipentala kapena dalaivala, lero n'kumangokhala pakhonde kudikira chakudya, amadwala pawiri. Akayamba kukana kudya, kusowa tulo, kusafuna kuonana ndi anthu kapena kunena kuti kuli bwino kufa, amenewo ndi matenda a maganizo ofunika thandizo lachipatala, ndipo amachizika. Pakhomo tingathandize pomubwezera udindo weniweni: kusunga buku la ndalama za pa okala, kudyetsa nkhuku, kuthirira mbewu za m'matumba, kumvetsera ana akamawerenga, kuphunzitsa mnyamata kunola mpeni wa pulena. Udindowo ukhale woti akapanda kuuchita, anthu aona kuti china chasowa. Azidzuka, kusamba ndi kuvala pa nthawi yake tsiku lililonse ngakhale alibe kopita.

Tisaiwale wosamalira. Kawirikawiri amakhala mayi mmodzi, kapena mtsikana amene wasiyitsidwa sukulu. Mutu umodzi susenza denga. Banja likhale pansi ndi kugawana masiku, amuna ndi anyamata omwe. Ponyamula wodwala, pindani mawondo, msana ukhale woongoka, ndipo muuzeni wodwalayo kuti nayenso adzikankhe ndi mbali yake yamphamvu. Wodwala akamachita yekha zimene angathe, katundu wa wosamalira amapepuka.

9. Kutchalitchi ndi ku mphakati

Pali zina zimene odwala amafunsa mwamanyazi. Lamulo la Mpingo lakuti tisadye kanthu kwa ola limodzi tisanalandire Ukaristia silikhudza madzi ndi mankhwala, ndipo okalamba, odwala ndi amene akuwasamalira amaloledwa kulandira ngakhale atadya mkati mwa olalo. Wodwala shuga asabwere ku Misa yam'mawa ndi njala atabaya kale insulin. Chimodzimodzinso pa Lachitatu Laphulusa ndi Lachisanu Loyera, Mpingo sukakamiza wodwala kusala kudya kumene kungaike moyo wake pachiswe. Amene mawondo salola kugwada akhale pansi ndi mtima umodzi. Mabenchi apafupi ndi khomo tiwasiyire oyenda ndi ndodo ndi a njinga za olumala.

Pokazonda matenda, tiganizenso za mphatso zathu. Kwa wodwala shuga kapena BP, paketi ya shuga, botolo la zotsekemera ndi mandasi si chithandizo. Nyemba, mazira, masamba, mapeyala kapena ndalama ya minibasi yopitira kuchipatala ndi zabwino koposa. Mwa ife muli akalipentala, owotcherera zitsulo ndi amisiri omanga. Mpando wa kuchimbudzi, chogwirira cha pakhomo kapena kusalaza sitepe yolowera m'nyumba ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa iwo, koma kwa wodwala ndi ufulu wa zaka. Ndipo nthawi zina msonkhano wa mphakati uzichitikira pakhomo pa wodwala, iye n'kupatsidwa gawo, kaya kuyambitsa nyimbo kapena kutsogolera gawo limodzi la kolona.

10. Kopeza thandizo

Akatswiri a occupational therapy ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ambiri amapezeka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, ya bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, kumene odwala sitiroko ndi ovulala msana amaphunzitsidwanso kudzisamalira. Bungwe la St John of God, lomwe lili ku Mzuzu ndi kuno ku Lilongwe, limathandiza pa matenda a maganizo ndi a uchidakwa. Kwa ife poyambira ndi chipatala chapafupi, kaya cha Likuni, cha Mitundu kapena cha Nathenje. Yezetsani BP ndi shuga ngakhale simukumva kudwala. BP imene ikupezeka mobwerezabwereza pa 140/90 kapena kupitirira apo ndi yofunika thandizo. Ngati wodwala wanu wafooka ziwalo, pemphani kalata yokutumizani kwa a mafizo ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, ndipo mukafika funsani ngati mungaonanenso ndi wa occupational therapy.

Popita kumeneko tengani kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa. Lembaninso papepala ntchito zitatu zimene zikumukanika pakhomo. Dokotala akamva kuti, "Akulephera kumanga chitenje, kunjuta kuchimbudzi ndi kugwira kapu," amathandiza molunjika kuposa akangomva kuti, "Sakupeza bwino."

Mafunso okambirana ku mphakati

1. Kodi mu mphakati mwathu muli anthu angati amene asiya kubwera chifukwa cha matenda okhalitsa? Chikuwalepheretsa kwenikweni ndi chiyani: thupi, mtunda, sitepe, kapena manyazi?

2. Ndi ntchito ziti zimene tawalanda odwala kapena okalamba athu, zimene akanatha kuchita titasinthako pang'ono malo kapena zipangizo?

3. Ndani mwa ife akusamalira wodwala yekhayekha, ndipo tingamupumitse tsiku liti sabata ino?

4. Ndi liti pamene aliyense wa ife anayezetsa BP komaliza?

Ntchito ya sabata ino

Aliyense asankhe chizolowezi chimodzi chokha, achimangirire ku chinthu chimene amachita kale tsiku lililonse, ndipo auze munthu mmodzi wa m'banja kapena wa mu mphakati kuti azimufunsa. Amene muli ndi wodwala pakhomo, mufunseni lero mukaweruka ku Misa kuti, "Ndi ntchito iti imene mukuilakalaka?" Akayankha, musanene kuti, "Khalani, tikuchitirani." Nenani kuti, "Tiyeni tiyese, pokanika tikugwirizani."

Lamulungu labwino kwa nonse.